Malangizo Okonzanso Maphunziro Olembedwa a GTK Kuti Agwirizane ndi GTK 4

GTK ndi laibulale yomwe opanga mapulogalamu amamangira mazenera, mabatani, mabokosi olembamo ndi zonse zomwe munthu amaona ndi kudina pa sikirini ya kompyuta. Inayamba ngati chida chomangira GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi ya Spencer Kimball ndi Peter Mattis, ndipo lero ndiyo msana wa GNOME. GTK 1.0 inatuluka mu 1998, GTK 2.0 mu 2002, GTK 3.0 mu 2011, kenako GTK 4.0 mu Disembala 2020. Nambala yakutsogoloyo ikasintha, zinthu zina zakale zimachotsedwa, koma maphunziro omwe analembedwa kale amangokhala momwemo, osachenjeza aliyense.

Katswiri akakumana ndi phunziro lotere amaliona msanga kuti lapita nthawi, n'kusakasaka lina. Amene amavutika ndi wongoyamba kumene. Iye amakopera zonse mokhulupirika, pulogalamu n'kukana. Amabwereza kufunafuna chilembo chomwe walakwitsa, osachipeza, mpaka amagwa ulesi n'kumati zopanga mapulogalamu si zake, pamene wolakwa ndi phunzirolo.

Malangizo awa ndi a aphunzitsi ndi onse osamalira maphunziro otere. Zitsanzo zake ndi za Python, koma njira yake ndi yomweyo ngakhale mumalemba mu C kapena Rust. Lamulo lotsogolera ndi limodzi: musauze wophunzira kuti chinthu chimagwira ntchito musanachiyendetse nokha, monga momwe mwachilembera, pa kompyuta yomwe sinaikidwepo kalikonse.

1. Dziwani kaye msinkhu wa phunziro lomwe muli nalo

Tsegulani chitsanzo choyamba muone mizere yakumwamba. Mukapeza import pygtk kapena import gtk ya zilembo zazing'ono, dziwani kuti phunzirolo ndi la PyGTK, ya m'nthawi ya GTK 2. PyGTK inathera pa 2.24 mu 2011, ndipo inkayendera Python 2, yomwe inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020. Phunziro lotere musalimbane nalo polisoka zigamba. Tenganimo ndondomeko ya mitu yokha, zitsanzo mulembe zatsopano.

Mukapeza from gi.repository import Gtk, ndipo nambala yopemphedwa ndi 3.0, phunzirolo ndi la PyGObject ndi GTK 3. Limeneli likhoza kukonzedwa. Onaninso ngati muli Gtk.VBox, Gtk.HBox kapena Gtk.Table. Izi zinali zitalembedwa kale kuti zikutha GTK 3 isanafike patali, choncho kupezeka kwake kukuuzani kuti phunzirolo latenga zaka zambiri osakhudzidwa.

2. Sankhani GTK yomwe mukuphunzitsa, muilembe pamwamba penipeni

Si aliyense amene wasamukira ku GTK 4. GIMP 3.0, yomwe inatuluka mu 2025, imayendera GTK 3, chimodzimodzinso Xfce, MATE ndi Cinnamon. Munthu wofuna kuthandiza pa mapulogalamu amenewa akufunabe phunziro lakale lija. Choncho musalifufute. Lisungeni pa nthambi yakeyake mu Git, mulembe pamwamba pake kuti ndi la GTK 3, ndipo muike linki yolozera ku latsopano. Musasakanize mitundu iwiriyi m'mutu umodzi, chifukwa pulogalamu imodzi singanyamule GTK 3 ndi GTK 4 nthawi imodzi.

Kungolemba kuti "GTK 4" sikokwanira. Ubuntu 22.04 imabwera ndi GTK 4.6, Debian 12 ndi 4.8, pomwe Ubuntu 24.04 ili ndi 4.14. Gtk.FileDialog ndi Gtk.AlertDialog zinabwera ndi 4.10 mu 2023. Mukaziphunzitsa osatchula zimenezi, wophunzira wa Debian 12 adzalemba zonse molondola koma osaona kanthu. Lembani chiganizo chomveka chonga ichi: "Zitsanzo izi zimafuna GTK 4.10 kapena yoposera apo." Musonyezeninso wophunzira njira yoonera nambala ya GTK yomwe ali nayo asanayambe.

3. Konzani kompyuta yoyera yoyeserapo

Kompyuta yanu ya tsiku ndi tsiku singakuuzeni zoona. Muli zinthu zomwe munaikamo kalekale n'kuziiwala, ndipo zimenezo zimabisa mabowo a phunziro lanu. Pangani virtual machine, muikemo Linux yatsopano, kenako tsatirani mutu wa kaikidwe liwu ndi liwu, osaonjezera kanthu kuchokera m'mutu mwanu.

Pa Debian ndi Ubuntu pamafunika python3-gi ndi gir1.2-gtk-4.0, ndipo olemba mu C amafunanso libgtk-4-dev. Pa Fedora mayina ndi ena: python3-gobject ndi gtk4. Pa Windows ambiri amadzera pa MSYS2, ndipo pa macOS amadzera pa Homebrew. Paliponse pomwe mwakakamizika kuchita chinthu chomwe phunziro silinanene, lembani pomwepo, chifukwa wophunzira adzaima pamalo omwewo. Ngati simunayese pa Windows, musalembe malangizo a Windows ongoganizira. Pemphani mnzanu amene ali nayo akuyesereni.

4. Yendetsani zitsanzo zonse zakale, mulembe kaundula wa zolakwika

Musanakonze kalikonse, sinthani nambala yopemphedwa kuchoka pa 3.0 kufika pa 4.0 m'chitsanzo chilichonse, n'kuchiyendetsa. Lembani dzina la fayilo, mutu womwe ili, zomwe zachitika, ndi uthenga weniweni womwe terminal yatulutsa. Gawani zotsatira patatu: zitsanzo zogweratu, zoyenda koma zikutulutsa chenjezo, ndi zoyenda koma zooneka mosiyana ndi chithunzi chake.

Nachi chimodzi chomwe mudzakumane nacho msanga. Chitsanzo chakale chimapanga batani n'kuliika m'zenera ndi add. Pa GTK 4 zenera silitseguka n'komwe, ndipo terminal imalemba AttributeError, n'kunena kuti zeneralo lilibe chinthu chotchedwa add. Uthenga umenewu musautaye, mudzaufuna pa mfundo 11.

Mukatha kaundulayo, werengani malangizo osamukira omwe a GTK eni ake analemba, otchedwa Migrating from GTK 3.x to GTK 4, opezeka pa docs.gtk.org. Ayerekezeni ndi kaundula wanu kuti mudziwe mitu yongofuna kusintha mayina ndi mitu yofuna kulembedwanso.

5. Yambani ndi chitsanzo choyamba, muchipatse nthawi yokwanira

Chitsanzo cha zenera loyamba ndicho chimaweruza ngati wophunzira apitirira kapena abwerera. Maphunziro ambiri a GTK 3 amapanga Gtk.Window, amalumikiza signal ya destroy ku Gtk.main_quit, amaitana show_all, n'kutsiriza ndi Gtk.main. Mwa zinthu zimenezi, Gtk.main, Gtk.main_quit ndi show_all zinachotsedwa mu GTK 4.

Chitsanzo chatsopano chiyambe ndi Gtk.Application yokhala ndi dzina lake lodziwikira, longa org.example.Moni. Lumikizani signal ya activate ku function yomwe ipange Gtk.ApplicationWindow, iike batani ndi set_child, n'kuonetsa zenera ndi present. Mzere womaliza ndi wa run. Fotokozani mzere uliwonse ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Nenani momveka kuti pulogalamu imatseka yokha zenera lomaliza likatsekedwa, komanso kuti mu GTK 4 ma widget amaoneka okha popanda kuwauza, kupatula zenera lenilenilo. Wophunzira amene anaonapo maphunziro akale adzafunafuna show_all, ndipo ndi bwino mumuyankhe asanafunse.

6. Sinthani mayina mosamala, osati mwa chisawawa

Pali zosintha zomwe n'zachidule:

a. Gtk.Container inachotsedwa. Pa zenera, batani kapena Gtk.ScrolledWindow gwiritsani ntchito set_child. Pa Gtk.Box gwiritsani ntchito append kapena prepend.

b. Signal ya delete-event yalowedwa m'malo ndi close-request.

c. Gtk.RadioButton kulibenso. Tengani Gtk.CheckButton n'kuimanga pagulu ndi set_group.

d. Gtk.EventBox kulibenso, chifukwa widget iliyonse ikhoza kulandira zochitika payokha.

Chenjerani ndi pack_start ya Gtk.Box. Iyi inkatenga zinthu zitatu zoonjezera: expand, fill ndi padding. Mukangoisintha kukhala append n'kuchotsa zitatuzo m'mafayilo onse nthawi imodzi, pulogalamu idzayenda ndithu, koma mabatani adzaunjikana mbali imodzi, ndipo bokosi lolembamo silidzakula zenera likakulitsidwa. Ntchito ya zinthu zitatuzo tsopano ili pa widget yoikidwayo, kudzera pa set_hexpand, set_vexpand, set_halign, set_valign ndi ma margin. Choncho konzani chitsanzo chimodzichimodzi, ndipo mukatha, kokani ngodya ya zenera ndi mausi muone ngati zam'kati zikutsatira bwino.

7. Mitu ina ilembeninso kuchokera pachiyambi

Apa ndi pomwe ntchito yeniyeni yagona. Mlatho ukakokoloka, kupenta chikwangwani cholozera njira yakale sikumuolotsa wapaulendo, amafunika kumulondolera njira ina. Mitu isanu iyi yasintha kaganizidwe, osati mayina okha.

Mabokosi ofunsa. Kale wophunzira ankaitana run pa dialog, pulogalamu n'kuima kudikira yankho, ndipo mzere wotsatira unkatsegula fayilo yomwe munthu wasankha. Mu GTK 4 run imeneyo kulibe. Mukaitana open pa Gtk.FileDialog, khodi imapitirira nthawi yomweyo, ndipo yankho limabwera pambuyo pake mu callback, momwe mumaitana open_finish. Wophunzira wosauzidwa izi adzalemba zotsegula fayilo pansi penipeni pa open, n'kudabwa kuti dzina la fayilo palibe pomwe bokosi likadali pa sikirini. Lembani ndime yonse yofotokoza ndondomeko ya zochitikazi. M'chitsanzo ikani print m'malo awiri, pansi pa open ndi m'kati mwa callback, kuti adzionere yekha pa terminal chomwe chikuyamba. Sonyezaninso zomwe zimachitika munthu akadina Cancel, chifukwa pamenepo open_finish imatulutsa error yofunika kuigwira.

Mausi ndi kiyibodi. Ma signal onga button-press-event ndi key-press-event anachotsedwa. Tsopano mumapanga Gtk.GestureClick kapena Gtk.EventControllerKey n'kuiphatikiza ku widget ndi add_controller.

Ma menu. Gtk.Menu, Gtk.MenuBar ndi Gtk.Toolbar kulibenso. Phunzitsani ma action kaye, kenako Gio.Menu, pomaliza Gtk.PopoverMenu kapena Gtk.PopoverMenuBar. Mukasemphanitsa ndondomekoyi, wophunzira adzapanga menu yooneka bwino koma yofooka mtundu, yosadinika, chifukwa ilibe action yolumikizana nayo.

Mindandanda. Gtk.TreeView ndi Gtk.ComboBox zikugwirabe ntchito, koma kuyambira pa 4.10 zinalembedwa kuti zikutha. Musamuphunzitse wongoyamba kumene chinthu chomwe adzayenera kuchisiya. Mutu watsopano ukhale wa Gtk.ListView, Gtk.ColumnView ndi Gtk.DropDown, ndipo ufotokoze zinthu zitatu motsatana: model yosunga zinthu, factory yopanga mizere, ndi view yoonetsa.

Kujambula. Pa Gtk.DrawingArea, signal ya draw yalowedwa m'malo ndi set_draw_func.

Palinso zina zomwe zinangopita popanda cholowa m'malo, monga kuuza zenera malo oti likhale pa sikirini. Pa Wayland ntchito imeneyo si ya pulogalamu. Nenani zimenezi poyera m'malo mongochotsa mutuwo, kuti wophunzira asataye tsiku lonse akusaka chinthu chomwe kulibe.

8. Musaiwale mafayilo a .ui ndi nkhani ya Glade

Maphunziro ambiri akale ali ndi mutu wa Glade, pulogalamu yokonzera maonekedwe pokoka ndi mausi. Glade sigwira ntchito ndi GTK 4. Mafayilo omwe muli nawo kale mungawasinthe ndi lamulo la gtk4-builder-tool simplify --3to4, koma musalikhulupirire kotheratu. Mukatha, yesani fayiloyo ndi validate ndiponso preview za chida chomwecho, kenako muiwerenge ndi maso anu.

M'malo mwa mutu wa Glade, sonyezani kaye kalembedwe ka fayilo yaing'ono ya .ui pamanja, kuti wophunzira adziwe zomwe zili m'katimo. Mukatero mutchulireni Cambalache, yomwe analemba Juan Pablo Ugarte, amenenso ankasamalira Glade, komanso Blueprint, yomwe imafupikitsa kalembedwe ka mafayilowa. Sankhani chida chimodzi chophunzitsa mozama, chinacho mungochitchula.

9. Konzani mawu ofotokozera, osati khodi yokha

Kawirikawiri khodi imakonzedwa koma ndime yapansi pake n'kumanenabe zakale. Sakani m'phunziro lonse mawu onga container, pack, main loop ndi GTK+. Chizindikiro chophatikizacho chinachotsedwa pa dzinali mu 2019. Onaninso ziganizo zonena kuti "pa mzere 12", chifukwa mizere yasuntha.

Chitsanzo chilichonse chikhale m'fayilo yakeyake yotheka kuiyendetsa, ndipo phunziro lizichikoka kuchokera mmenemo. Ngati mumalembera mu Sphinx, literalinclude imachita zimenezi. Khodi ikakhala malo awiri, tsiku lina mudzakonza amodzi n'kuiwala enawo.

Malinki nawonso amafa. Zolemba zofotokoza API ya GTK zili pa docs.gtk.org, ndipo zimapangidwa ndi gi-docgen, chida chomwe analemba Emmanuele Bassi. Yendetsani linkcheck ya Sphinx kuti ikusonyezeni malinki akufa, koma omwe aoneka amoyo muwatsegulenso, poti ena amakafikira pa tsamba la GTK 3.

10. Jambulani zithunzi zatsopano

Wophunzira amayerekeza zomwe akuona ndi chithunzi chanu kuti adziwe ngati wakhoza. Jambulani zonse pa kompyuta yoyera ija, osasintha theme, ndipo chithunzi chilichonse chichokere ku khodi yeniyeni yomwe ili pamwamba pake. Ngati chitsanzo chikugwiritsa ntchito libadwaita, yomwe inafika pa 1.0 kumapeto kwa 2021, nenani, chifukwa maonekedwe ake amasiyana ndi a GTK yokha.

Dulani chithunzi chitsale zenera lokha, ndipo lembani mawu ochifotokoza kuti athandize osaona omwe amagwiritsa ntchito pulogalamu yowawerengera. Kumbukiraninso owerenga omwe amadalira kabandulo kochepa ka intaneti. Zithunzi zikhale zopepuka, ndipo perekani phunziro lonse ndi zitsanzo zake m'fayilo imodzi yoti munthu akoke kamodzi n'kumawerenga popanda intaneti.

11. Ikani gawo la mavuto odziwika

Tengani kaundula uja wa pa mfundo 4 musankhemo mauthenga omwe wophunzira angakumane nawo. Uthenga uliwonse muulembere zinthu zitatu: uthengawo, chifukwa chake, ndi chochita. Mwachitsanzo, No module named 'gi' imatanthauza kuti PyGObject sinaikidwe, kapena kuti virtual environment yomwe akugwiriramo siikuiona. Namespace Gtk not available for version 4.0 imatanthauza kuti package ya gir1.2-gtk-4.0, kapena inzake ya pa Linux yomwe ali nayo, ikusowa. Mauthengawa muwasiye m'Chingerezi monga momwe terminal imawalembera, ngakhale phunziro lanu lili m'chinenero china, kuti wowasaka awapeze.

M'gawo lomweli muphunzitseni kudzithandiza. Akayendetsa pulogalamu ndi GTK_DEBUG=interactive, GTK Inspector imatseguka n'kumuonetsa ma widget onse ndi makhalidwe awo. Mapulogalamu a gtk4-demo ndi gtk4-widget-factory amamupatsa zitsanzo zoyenda za GTK yomwe ili pa kompyuta yake.

12. Mupatseni wongoyamba kumene ayese, inu mukhale chete

Pezani munthu wodziwa Python pang'ono koma amene sanagwirepo GTK. Mukhazikeni pa kompyuta yoyera, mumupatse phunzirolo, inu mukhale pambali ndi cholembera. Akaima, musalande kiyibodi. Mufunseni kuti, "Mukuyembekezera kuti pachitika chiyani apa?" Yankho lake likuonetsani chiganizo chomwe chamusocheretsa. Lembani malo omwe wabwerera m'mbuyo, omwe wadumpha, ndi omwe wasiya phunziro n'kukasaka pa intaneti. Chilichonse chomwe mwakakamizika kumufotokozera pakamwa ndi ndime yomwe ikusowa. Konzani, kenako muyesenso ndi munthu wina.

13. Dziwitsani omasulira, ndipo lemekezani omwe analemba kale

Ngati phunzirolo linamasuliridwa ndi gettext, chiganizo chilichonse chomwe mwasintha chidzalembedwa kuti fuzzy kapena kukhala chosamasuliridwa m'mafayilo a .po, ndipo owerenga a chinenerocho adzaona Chingerezi pamalopo. Auzeni omasulira nthawi ikadalipo, muwapatse mndandanda wa mitu yosintha. Pewani kusintha ziganizo zomwe zilibe vuto, chifukwa mukuwaonjezera ntchito pachabe.

Werenganinso layisensi ya phunzirolo musanalifalitse. Mayina a omwe analemba poyamba akhalepo, lanu muonjezere pansi. Lembani mwachidule zomwe zasintha, kuti mphunzitsi amene amagwiritsa ntchito phunziroli m'kalasi adziwe mitu yoti aionenso.

14. Ikani ndondomeko yoti phunziro lisakalambenso

GNOME imatuluka kawiri pachaka, mu Malichi ndi mu Seputembala, ndipo GTK 4 yatsopano imabwera nthawi yomweyo. Ikani miyezi iwiriyi pa kalendala yanu. Ikafika, werengani zomwe zasintha, muyendetsenso zitsanzo, ndipo musinthe tsiku lomwe lili pamwamba pa phunziro lonena nthawi yomwe linayesedwa komaliza.

Ntchito ina ipatseni makina. Mu CI ya GitLab kapena GitHub, xvfb-run imalola kuti pulogalamu ya mazenera iyende pa kompyuta yopanda sikirini. Chitsanzo chilichonse chitseguke, chikhale masekondi ochepa, n'kutsekedwa. Mukaika G_DEBUG=fatal-criticals, uthenga wa vuto lalikulu udzagwetsa mayesowo m'malo mongodutsa osaonedwa. Machenjezo onena kuti chinthu chikutha musawanyalanyaze, chifukwa mwambo wa GTK ndi kuchotsa zinthu zotere nambala yakutsogolo ikasintha. Pomaliza, ikani pansi pa tsamba lililonse njira yoti wowerenga akuuzeni akapeza cholakwika, ndipo akakuuzani muziyankha.

Ngati nthawi ili yochepa

Ntchito yonseyi singathe pa tsiku limodzi, ndipo si bwino kudikira kuti zonse zipse musanatulutse kanthu. Yambani ndi mfundo 2, 3 ndi 5: lembani pamwamba GTK yomwe phunziro likunena, yesani kaikidwe pa kompyuta yoyera, ndipo konzani zenera loyamba. Mitu yomwe simunaifikire muilembe poyera kuti ikadali ya GTK 3. Chenjezo la mzere umodzi limenelo ndi lokwanira kuti wophunzira adziwe komwe vuto lili, asadziimbe mlandu, ndipo apitirize ndi mitu yomwe mwatsimikiza kuti ikuyenda.